Oyilo Amene Sindinabe

Moni nonse abale ndi alongo amene mumawerenga zimene ndimalemba pano. Papita nthawi ndili chete, ndipo ena munafunsa ngati ndikudwala. Sindinkadwala ayi. Ndinali ndi dzina la wakuba, ndipo munthu amene akutchedwa wakuba sakhala ndi mawu olembera anzake. Chimene amati ndimaba si mbuzi, si mpunga, koma oyilo wa mu injini ya galimoto. Sekani ngati mukufuna, inenso tsiku loyamba ndinaseka. Koma nkhani imeneyi inandidya miyezi itatu yathunthu, mpaka ndinabowola bowo lina pa lamba wanga.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine Nkhoma, kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ku Karonga ndinabwera ndi ntchito ya udalaivala tsitsi lidakali lakuda. Ntchitoyo itatha sindinabwerere, chifukwa ndinali nditakwatira ku Wovwe ndipo ana anabadwira konkuno. Kuno ndilibe munda wa makolo, ndilibe malume woti n'kundiyankhulira pa mlandu. Chimene ndinali nacho ndi dzina basi. Ku chigayo cha mpunga munthu akamadandaula kuti katundu wake atumize ndi ndani, anzake ankamuuza kuti, "Mpatseni Nkhoma, akafika." Mawu atatu amenewo ndi amene anadyetsa ana anga.

Galimoto imene ndimayendetsa ndi ya a Mwangonde, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, komanso mkulu wa mpingo kumene ndimapemphera. Ndi pikapu yoyera ya dizilo, yokalamba ngati ine ndemwe, ndipo timanyamulira mpunga kuchokera ku Wovwe kupita ku Boma ndi ku Songwe. A Mwangonde sadziwa kuyendetsa, koma boneti amatsegula okha. M'mawa uliwonse amavala magalasi, n'kusolola kachitsulo kakatali koyezera oyilo kaja, kamene amakaniki amati dipisitiki. Kumapeto kwake kuli timizere tiwiri, ndipo oyilo ayenera kukhala pakati pake. Iwo amakayang'ana ngati akuchonga mayeso. Zaka ziwiri ndinagwira nawo ntchito popanda kukwezerana mawu.

Vuto linayamba ndi nzeru zanga zomwe, ndipo ndivomereze pano. Sitata inafa. A Mwangonde ankafuna kugula ina, ine n'kuwauza kuti asafulumire. Kale galimoto tinkaimika pabwalo lawo la simenti loyanikira mpunga, koma kumtunda kwa bwalolo, pafupi ndi khitchini, pali katsetse kakang'ono. Ndinati tiziimika pamenepo, mphuno itayang'ana kumunsi, n'kuika mwala kutsogolo kwa tayala. M'mawa kungochotsa mwala, kuika giya yachiwiri, kusiya kilatchi, galimoto n'kulira yokha popanda wokankha. Tinayesa, zinatheka. Anandiyamikira kwambiri tsiku limenelo, ine n'kumayenda chifuwa chili patsogolo.

M'mawa mwake anayeza oyilo n'kupeza ali pa kamzere kam'munsi. Anadabwa, koma anangothira wina mpaka anafika pamwamba. Patapita masiku ochepa anayezanso, watsikanso. Anathira. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Galimoto inayamba kutulutsa utsi wabuluu kumbuyo, ndipo kunsi kwa injini kunkakhala konyowa. Ndinawaonetsa zonsezo, koma iwo anapukusa mutu. Anati injini imeneyi zaka ziwiri sinadyepo oyilo, ndipo timadontho timene ndikuwaonetsato sitingamalize chigubu. Ndinawapempha kuti tipite nayo kwa makaniki, iwo n'kunena kuti makaniki ndi dalaivala amayankhula chinenero chimodzi. Kenako anavula magalasi, n'kundiyang'ana m'maso.

"A Nkhoma, oyilo sawuluka."

Ndi pamene ndinaseka paja. Ndinkayesa akucheza.

Sankacheza ayi. Tsiku lina ndinafika m'mawa n'kupeza bambo wamkulu uja atagona chagada pa chiguduli kunsi kwa galimoto, choko chili m'manja, akulemba chizindikiro pa bawuti yotsitsira oyilo kuti akadziwe ngati ndatsegula. Ndinaima pamenepo manja ali m'thumba, osadziwa kuti ndiwapatse moni kapena ndiwathandize kudzuka. Madzulo anapeza choko chili momwemo, koma oyilo anapitiriza kutsika. Ndiye anati ndimamupopa ndi kapaipi kuchokera pamwamba. Abale, munthu akakuganizira zoipa, ngakhale umboni wokuyeretsa umasanduka umboni wa kuchenjera kwako.

Nkhani siichedwa kuno. Anthu a njinga zamoto za kabaza pa siteji anayamba kundikuwa ndikamadutsa: "A Nkhoma, oyilo alipo lero?" Poyamba ndinkawakweza dzanja ngati ndikuseka nawo. Koma tsiku lina munthu wina wa ku Sangilo, amene ali ndi boti la injini, anandikokera pambali ku chigayo n'kundifunsa motsitsa mawu kuti lita ndimagulitsa bwanji. Ameneyu sankandinyoza, ankafunadi kugula. Zimenezo zinandipweteka kuposa kukuwa konse kuja. Amalonda amene kale ankangondipatsa matumba n'kubwerera kwawo anayamba kukwera nawo, kukhala pamwamba pa katundu wawo mpaka ku Songwe, dzuwa likuwaotcha. Ine ndinkangowaona pa galasi. Kutchalitchi anandiuza mwaulemu kuti ndipumule kaye kuwerenga mawu kutsogolo. Mayi a kunyumba anasiya kupita kumvano, ati mutu ukuwawa Lachinayi lililonse.

Tsiku lina ku Songwe, ndikudikira amalonda amene anachedwa kuwoloka malire, ndinatsegula boneti ndekha. Galimoto inali itaima nthawi yaitali, injini itazizira. Ndinasolola kachitsulo kaja, n'kupeza oyilo wadutsa kamzere kapamwamba. Ndinapukuta maso, n'kuyezanso. Chimodzimodzi. Ndinawaimbira foni a Mwangonde, koma iwo anandiyankha kuti m'mawa womwewo anayeza okha, ndipo pakati pa maso awo ndi anga akudziwa oyenera kuwakhulupirira. M'mawa mwake tinayeza tonse pa katsetse paja, oyilo n'kupezeka ali pansi. Kuyambira pamenepo ndinayamba kukayika mutu wanga womwe.

Mwina mukufunsa kuti dalaivala wa zaka zonsezi sanadziwe bwanji. Ndinkadziwa, abale. Mukanandifunsa panjira, ndikanakuuzani kuti oyilo amayezedwa galimoto itaima pamalo osapendeka. Koma katsetse kaja ndi kakang'ono, ndipo diso linali litakazolowera. Komanso mtima wanga sunali pa galimoto, unali pa anthu. Inenso ndinkafunafuna wakuba. Aliyense wodutsa pakhomo pa a Mwangonde ndinkamuyang'ana m'manja. Alamu anga anandiuza kuti pali munthu akundichita chipongwe chamankhwala, tipite kwa sing'anga. Ndinakana, koma sindinama, ndinakana pakamwa pokha, mumtima ndinaganizapo masiku angapo.

Ndinatopa. Sindikudziwa mawu ena oti ndinene. Kutopa kwake si kwa msewu ayi, msewu ndinauzolowera. Ndi kutopa kodzuka m'mawa uliwonse kukaima pambali pa boneti ngati mwana wa sukulu wolakwa, kudikira kachitsulo kuti kakutsutse. Ndinasiya kudziteteza. Akati watsika, ndinkangoti ndaona. Ngakhale kupemphera ndinkangoyamba, mawu n'kuthera panjira.

Mapeto ake a Mwangonde anaitana akulu a mpingo awiri. Lolemba m'mawa anathira oyilo pamaso pawo mpaka pa kamzere kapamwamba, n'kunena kuti Loweruka adzayezanso pamaso pawo pomwepo. Akadzapezeka watsika, ndidzasiye makiyi, ndipo nkhani idzapite ku bwalo la mpingo. Sanakalipe, anayankhula modekha, ndipo ndinaona kuti iwonso zikuwawawa. Sabata imeneyo ndinayendetsa ngati ndanyamula mazira, koma utsi unkatuluka basi.

Loweruka kunacha mvula itagwa yambiri. Ndinanyamuka wapansi kudutsa m'mbali mwa ngalande za sikimu ya mpunga wothirira, matope akundikoka nsapato. Pemphero langa linali lalifupi, ndipo silinali lokongola. Ndinati, "Ambuye, ndatopa. Inu mukudziwa kuti sindinabe. Ntchitoyi ikatha ithe, koma dzina lokhali mundibwezere, chifukwa ndilibe china chosiyira ana anga m'dziko la eni." Sindinamve kalikonse mumtima. Achule okha ndi amene ankalira m'minda ya mpunga.

Pano ndikuuzeni za amama NyaGondwe. Ndi mlimi wa mpunga mu sikimu, ndipo amagulitsa yekha mpunga wake ku Songwe. Kunena zoona, pa makasitomala onse ameneyu ndi amene sindinkamukonda. Mawu ake amamveka kuchokera ku chigayo mpaka kumsewu. Akakwera kutsogolo amandiuza pochepetsa liwiro, pozemba dzenje, pamene njinga yakapalasa yomwe sadziwa kupalasa. Lachisanu madzulo tinali titapakira matumba ake n'kuwafunditsa tenti, kuti Loweruka tilawire. Ndikanafunsidwa kuti Mulungu atume ndani, dzina lake silikanabwera m'mutu mwanga.

Ndinafika akulu aja atakhala kale pa benchi. A Mwangonde anatsegula boneti, anasolola kachitsulo, anapukuta, anabwezera, anasololanso. Anakaonetsa kwa mkulu woyamba, kenako wachiwiri. Oyilo anali atangokhudza kamzere kam'munsi. Kwa ine sanakaonetse, ndipo sindinapemphe. Ndinapisa m'thumba, n'kutulutsa makiyi, n'kuwaika pamwamba pa batire.

Nthawi yomweyo kumbuyo kwa galimoto kunabuka phokoso. Anali NyaGondwe, atafika n'kuvundukula tenti.

"Yayi, yayi, yayi! Adada Nkhoma, bwerani mudzaone! Mpunga wanga wanyowa!"

Ndinatseka maso. Ndinati Ambuye, pa tsiku ngati lino mwawonjezanso mayi ameneyu? A Mwangonde anamuuza kuti adikire, tili pa nkhani yaikulu, koma NyaGondwe sadikira munthu. Anatikoka tonse ndi pakamwa mpaka tinapita. Mvula inali italowa m'mphepete mwa tenti, ndipo timabowo totulutsira madzi tinali titatsekeka ndi mankhusu a mpunga. Kumbuyo kwenikweni kunali kouma gwa, koma kutsogolo, kufupi ndi kumene timakhala, madzi anali atadikha, matumba awiri ali m'madzi.

Anatikalipira kuti timaimika bwanji galimoto chozondoka ngati mbuzi yomwa madzi. Mkulu wina pofuna kumutontholetsa anamufotokozera kuti pepani amama, pano tikuweruza nkhani ya oyilo amene akusowa mu injini. NyaGondwe anaima, manja m'chiuno. Anayang'ana madzi aja, n'kuyang'ana boneti yotsegula.

"Mwayezera pompano? Galimoto ili chonchi?"

A Mwangonde anati inde, ndi pamene timayezera masiku onse.

"Nanga oyilo wanuyo ndi mwala? Madzi athawira kutsogolo, iye atsala bwanji pamalo pake? Ife kumunda, munthu akapanda kusalaza bwino, amapisa chala pakona imodzi n'kuyamba kutukwana anzake kuti amubera madzi, pamene kukona inayo mbande zake zikumira. Nadi, amuna ophunzira anayi, simungaone zimenezi?"

Abale, ndinamva ngati wina wandimenya khofi. Mayi amene sadziwa kuti kilatchi ndi iti! Ndinayang'ana mwala umene unali kutsogolo kwa tayala, mwala umene ndinasankha ndekha ndi manja anga, ndipo ndinakumbukira kuti oyilo anayamba kutsika m'mawa wotsatira tsiku limene ndinauika pamenepo. Ndinakumbukiranso za ku Songwe kuja. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti galimoto itsikire pabwalo la simenti osailiza, munthu aliyense asakhudze injini, kenako ayezenso okha.

A Mwangonde anazengereza, koma akulu aja anati palibe cholakwika. Makiyi ndinawasiya pa batire pomwepo kuti pasakhale chonena. Ndinachotsa mwala, n'kumasula handibuleki, galimoto n'kutsetsereka mwakachetechete mpaka pabwalo loyanikira mpunga. NyaGondwe ankayenda pambali akuyang'ana madzi ake, ndipo atawaona akubalalika pansi ponse mofanana anakuwa kuti, "Apo! Imani apo!" Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinamumvera mosanyinyirika.

Ndinawapempha kuti tidikire pang'ono oyilo akhazikike. Mayi a Mwangonde anabweretsa tiyi, koma anazizira m'makapu. Kenako a Mwangonde anasolola kachitsulo. Nsanza yopukutira inali itatsala kumtunda, ndiye anapukutira mpango wawo woyera wam'thumba. Anabwezera mpaka kanafika pansi penipeni, n'kusololanso, nsonga itayang'ana pansi. Anayang'ana mbali iyi, anatembenuza, anayang'ana mbali inayo. Anapukutanso, n'kuyezanso. Kachitatu anaitana akulu aja.

Oyilo anali atadutsa kamzere kapamwamba ndi chala chathunthu.

Galimoto yomweyo, m'mawa womwewo, palibe amene wathira kanthu. Miyezi yonseyi kachitsulo kankatinamiza chifukwa oyilo ankathawira kutsogolo kwa injini, a Mwangonde n'kumathira pamwamba pa wodzaza kale, injini n'kumamulavula mu utsi ndi m'timadontho tija. Anavula magalasi, n'kukhala pansi pa simenti yonyowa, munthu wamkulu ngati uja.

"Ndiye kuti ndimataya ndine," anatero. "Ndi manja angawa."

Ndinkaganiza kuti tsiku limenelo likadzafika ndidzalumpha, ndidzayankhula zonse zimene ndinasunga. Koma nanenso ndinangokhala pansi pambali pawo. Ndinawauza kuti mwala ndinaika ndine. Tinakhala choncho kanthawi, madoda awiri pa bwalo la mpunga, mathalauza akunyowa. Kenako anadzuka, anatenga makiyi pa batire paja, n'kundipatsa ndi manja awiri, mpango wakuda ndi oyilo uli m'manja momwemo. NyaGondwe anatidula kuti zonsezo wamva, koma matumba ake awiri ayanika ndani. Tinayanika ife, ine ndi a Mwangonde ndi akulu a mpingo awiri.

Tsiku lomwelo tinatsitsa oyilo wowonjezera uja. Utsi unachepa pang'onopang'ono mpaka unatha. Sitata inagulidwa sabata yotsatira, ndipo galimoto inabwerera pabwalo la simenti. A Mwangonde amayezabe m'mawa uliwonse, koma oyilo waima pakati pa timizere tija ngati anamukhomera msomali. Kwa inu anzanga a pamsewu, ndikupemphani, musanayeze yang'anani kaye pamene mwaima. Zimitsani injini, dikirani oyilo atsike, pukutani kachitsulo, bwezerani mpaka pansi, ndipo yezani kawiri. Mukakayika malowo, thirani madzi m'beseni muike kumbuyo, akuuzani zoona. Ndipo musanatchule munthu kuti wakuba, yezani kachitatu.

Lamulungu a Mwangonde anaimirira kutsogolo kwa mpingo wonse n'kufotokoza zonse, osabisa ngakhale za choko zija. Sizinali zophweka kwa munthu ngati iwo, ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezo. Koma ndisakunamizeni kuti zonse zinatha tsiku limenelo. Amene anamva za kuba ndi ambiri kuposa amene anali m'tchalitchi. A kabaza ena amakuwabe. Mayi a kunyumba anatenga milungu itatu asanabwerere kumvano. Ineyo thupi silinabwererebe, bowo lija pa lamba ndikuligwiritsabe ntchito.

Komabe ndikuthokoza Mulungu, abale, ndipo ndikuthokoza ndi mtima wonse. Ndinkadikira kuti ayankhe kudzera mwa makaniki kapena m'busa, Iye n'kutuma mvula ndi mayi wolongolola amene ndinkamuzemba. Amama NyaGondwe, ngati mwana wanu akuwerengerani izi, yewo chomene. Mukakwera kutsogolo lankhulani mmene mungafunire, sindidzatsegulanso wailesi kuti ndisakumveni. Ndipo iwe m'bale wanga amene akukunenera chinthu chimene sunachite, amene watopa mpaka pemphero likukukanika, usapite kwa sing'anga kumene ndinatsala pang'ono kupita ine. Nena mawu ochepa amene watsala nawowo, ngakhale akhale oti ndatopa. Mulungu amamva ndithu. Pirira, ndipo usanyoze munthu amene angabwere nalo yankho.

Dzana ndinali ku chigayo ndikumanga katundu. Kumbuyo kwanga mayi wina wachilendo ankadandaula kuti mwana wake wadwala, sangathe kuperekeza matumba ake ku Songwe, ndiye atani. Wina amene sindinamuone nkhope anamuyankha akupitiriza ntchito yake, ngati akunena chinthu chodziwika kale.

"Mpatseni Nkhoma, akafika."

Chingwe chinali chitamangika kale bwinobwino, koma ndinachimasula n'kuyambanso kumanga, nkhope nditayang'anitsa ku matumba.

Ambuye akudalitseni nonse.